Sabata Yowerenga ku Lizulu

Anatitulutsa Lachisanu, amvekere pitani mukawerenge,
ndiye ndabwera ndi chikwama cha mabuku
ndi foni yong'aluka pakona,
kuno kumene mphepo ya Juni imalowera pansi pa chitseko
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.

Mayeso ndi Lolemba linalo. Sayansi ya nthaka.
Masamba makumi asanu ndi limodzi
a asidi, nayitirojeni, ndi mayina ena opunthwitsa lilime.
Ndalemba ndandanda kuseri kwa kalendala ya chaka chatha:
m'mawa kuwerenga, masana kuwerenga.
Usiku ndasiya osalembapo. Uli ndi mwini wake.

Mwini wake ndi Fatsani wa ku Bembeke.
Naini koloko ikangokwana, uthenga uja:
Ulipo? Bwera ndikukwapule.
Ndipo ine, wamkulu ndi nzeru zanga,
ndimalowa m'bwalo lochepa ngati chikhatho,
anyamata khumi ndi mmodzi pansi pa zala ziwiri.
Gemu imodzi yokha, ndimatero.
Koma gemu imodzi imabereka ana,
ana nawo sachedwa kutha msinkhu.

Dzulo ndimatsogola, zigoli ziwiri kwa chimodzi,
netiweki n'kuwoloka msewu osatsanzika
kukagwira ya ku Mozambiki.
Foni ikundilonjera m'Chipwitikizi,
goloboyi wanga ali njo ngati chitsa.
Fatsani akuuza anthu kuti ndinathawa.

Palinso buku lina, losakhala pa ndandanda.
Ndinaligula pansi, pakati pa nsapato za kaunjika,
lopanda chikuto, lonunkha chinyontho.
Muli mkazi wodikira sitima usiku wonse.
Ndamudikirira naye mpaka tsamba 211,
kenako basi.
Otsalawo wina anakulungira zitumbuwa.

Ndiye ndimusiye pa siteshoni, m'chisanu chotere?
Ndatembenuza kope la nthaka, ndayambira kumbuyo.
Lachiwiri ndinamukweza sitima, sizinakome, ndinamutsitsa.
Lachitatu ndinamupatsa mchimwene. Ndafufuta.
Manotsi akubwera kuchokera kutsogolo,
mkaziyo akubwera kuchokera kumbuyo,
pakati patsala masamba asanu ndi awiri oyera.
Sindikudziwa adzapatukire mnzake ndani.

Mayi sadziwa zonsezi, kapena akudziwa.
Amadzuka kusanache kukaunjika kachewere m'ndowa,
wamkulu pamwamba,
n'kumathamangira mazenera a mabasi a ku Blantyre
ndi zala zouma ndi mphepo.
Fizi yanga imanunkha dothi lofiira.

Lero abwera msanga, ndowa imodzi yosagulidwa.
Iwe wa ku yunivesite, atero,
munda wakumtunda uja watani?
Feteleza yemweyo, mbewu yomweyo,
koma zikutuluka ngati mazira a njiwa.

Ndinatsegula pakamwa. Munalibe kanthu.
Munali mayina a osewera onse a Fatsani
ndi mtundu wa jekete la mkazi wa pa siteshoni.

Tinapita limodzi. Ndinafumbata dothi,
ndinalifinya, ndinalinunkhiza monga amachitira a Chikafa m'kalasi,
ndipo tsamba 43 linadzuka pang'onopang'ono
ngati munthu wogona ndi nsapato.
Mwina yawawasa nthakayi, mayi. Mwina ikufuna laimu.
Tiyeze kaye.
Mwina, anabwereza mayi, n'kuseka.
Ndalama zonse zija, ndagula mwina.

Tsopano magetsi azima. Batire latsala pa naini.
Lingakwane gemu imodzi,
kapena tochi ya mutu umodzi wa asidi,
kapena kumufikitsa mkazi uja kwinakwake kofunda.
Foni yanjenjemera.
Ulipo?

Ndilipo, Fatsani. Ndilipo katatu,
ndipo tonse atatu tafunda bulangeti limodzi.
Ndayatsa tochi. Kope lili pamaondo.
Pansi pa zikhadabo padakali dothi la mayi.
Ndatsegula kutsogolo,
koma chala chaching'ono ndachisiya kumbuyo,
kusunga malo.